Mphete Yokana Kuchoka

Foni inalira Namakiyi ali pakati podula kiyi. Sanaiyankhe. Makina akamazungulira munthu sagwira foni, ngakhale ilire ngati mwana wanjala. Anamaliza mano awiri amene anatsala, anazimitsa makina, anadikira kuti phokoso litheretu, kenako anapukuta manja pa epuloni n'kuyang'ana. Anali apongozi ake, amayi a mwamuna wake. Panali patatha miyezi isanu ndi iwiri asanamuimbirepo.

"Amake mwana, uli kuti?"

"Ku shopu, amayi. Ndingakhalenso kuti?"

"Tseka. Ubwere ku chipatala chachikulu chija. Mnzako wagwa pa makwerero."

Namakiyi anayembekeza kuti mtima udumpha. Sunadumphe. Anangoona kuti pa kauntala padzaza tizitsulo, n'kuyamba kutisesa ndi kaburashi.

"Ali moyo?"

"Pakamwa pakopo! Wathyoka dzanja basi. Koma vuto ndi mphete ija. Dzanja latupa, mphete yakana kuchoka, chala chayamba kuda. Ayesa sopo, ayesa ulusi, ayesa kachodulira kawo, mano ake athera pomwepo. Adokotala akuti ikapanda kuchoka masana ano, ichokera limodzi ndi chala. Mwana wanga akuti ubwere ndi Mavu."

Mavu linali dzina la kamakina kam'manja, kotalika ngati tochi, koyendera magetsi. Kumapeto kwake amamangako kadisiki kodulira, kapena kamwala kopalira, kapena kansonga kolembera mayina pa zitsulo. Kakayamba kuzungulira kamalira ngati mavu atsekeredwa m'botolo, ndipo dzinalo linachokera pamenepo. Analipereka ndi mwamuna wakeyo, amene anthu onse a mumsewumo ankangomutchula kuti Mmisiri. Kashopu kameneka, kopanikizika pansi pa masitepe a nyumba yosanja, kanali kake poyamba. Atapeza ntchito ku kampani yolemba zikwangwani, n'kupezanso mayi wa ku saluni, anasiya shopu, makina, mkazi ndi mwana wa zaka zitatu, zonse tsiku limodzi. Mkaziyo anapitiriza kudula makiyi, ndipo anthu anayamba kumutcha Namakiyi.

Mphete ankaidziwa bwino. Mmisiri anapanga yekha mphete ziwiri za ukwati wawo, kuchokera ku chitsulo cha m'kati mwa bering'i ya galimoto. Anazipala sabata yathunthu mpaka zinawala ngati galasi. "Golide ndi wa anthu ofewa," ankatero podzitama. "Iyi ngakhale macheka saidula." Yake Namakiyi anaivula tsiku loyamba kulowa m'shopu, chifukwa lamulo anaika ndi Mmisiri yemweyo: muno mulibe mphete, mulibe chibangili, mulibe mkanda, chilichonse cholendewera makina amadya, ndipo amadyera limodzi ndi mwini wake. Koma ya mwini lamulo inali itakana kale kudutsa pa mfundo ya chala, poti banja linamunenepetsa. "Ine makina amandidziwa," ankatero. Ngakhale popita kwa mkazi winayo anapita ataivala, osati chifukwa cha chikondi. Anyamata ogulitsa mafoni pafupi ndi shopu anaiseka nkhaniyo mwezi wathunthu.

"Ndamva, amayi," anatero Namakiyi. "Ndikubwera."

Mwini kiyi uja, bambo wa tayi, anali atatsamira kauntala. Makiyi ake anali atatu ndipo odulidwa anali awiri.

"Wotsalayo mudzatenge 3 koloko, bambo."

"Mesa munati pompano?"

"Ndinatero. Mudzatenge 3 koloko."

Bamboyo atachoka, anatsitsa chitseko mpaka theka. Sanathamange. Anatsegula kabokosi ka madisiki n'kupeza atatu okha, opyapyala ngati chikhadabo. Anatenga supuni ya tiyi imene ankatakasira m'kapu yake, anaika chogwirira chake pa chitsulo n'kuchimenya ndi nyundo mpaka chinapyapyala, kenako anapala m'mphepete kuti musakhale pakuthwa. Atatero anakhuthula chitini cha misomali pa tebulo. Mphete yake inali pansi penipeni, yakuda ndi mafuta, koma yopanda dzimbiri.

Mmisiri anamuphunzitsa kuti chida sayesera pa ntchito ya kasitomala. Uyambe wadula chofanana nacho, uone mmene chitsulo chikuyankhira. Chofanana ndi mphete ya kuchipatala chinali chimodzi chokha. Anaimanga pa vayisi yopanira zitsulo, anamanga duku, anavala magalasi oteteza maso, n'kuyatsa Mavu. Kadisiki katangokhudza, mbaliwali zinauluka. Anawerenga mumtima mpaka kasanu, anadzutsa dzanja, anazimitsa, n'kukhudza mpheteyo ndi nsonga ya chala. Inamuwotcha. Anaithira madzi, anayesanso kuwerenga katatu. Inali yofunda chabe. Katatu basi, ndiye, ndipo madzi asaleke.

Atadula mbali imodzi anayesa kuitanula ndi mapulayasi awiri. Sinasunthe n'pang'ono pomwe. Anaitembenuza n'kudulanso mbali inayo, ndipo inagwa zidutswa ziwiri. Kadisiki kanali katatha, katatsala ngati batani la malaya. Anayang'ana zidutswazo kanthawi. Mkati munali chilembo choyamba cha dzina la mwamuna wake. Anazikokolola n'kuziponya m'chitini cha zitsulo zotaya, n'kulongedza Mavu, madisiki awiri otsala, kasipanala, magalasi awiri, chingwe chowonjezera, mapulayasi ndi supuni ija. Mwana anali ku sukulu ya mkaka mpaka 4 koloko. Nthawi inalipo.

M'minibasi anakhala pawindo, chikwama chili pamiyendo. Anadutsa pa saluni ija. Inali yotseka, ndipo pakhoma panali patatsamirabe makwerero, chikwangwani chatsopano chikulendewera ndi msomali umodzi. Anachiyang'ana n'kuona kuti chilembo chomaliza chapendekeka.

Ku chipatala anawapeza m'wodi ya anthu ovulala, bedi la pakona. Apongozi anali pa mpando, maso ofiira, chikwama atachikumbatira. Kumutu kwa bedi kunaima mayi wa ku saluni, wamtali, tsitsi lolukidwa lofika m'chiuno, nsidze zomata zonyowa ndi misozi. Namakiyi anali atamuonapo kambirimbiri patali. Pafupi, anali wa zaka zochepa kuposa mmene ankaganizira. Mmisiri anagona chagada, dzanja lamanzere lili pa pilo, lomangidwa ndi kathabwa kuyambira pachigongono. Dzanjalo linatupa ngati golovesi yopopa mpweya. Chala cha mphete chinali chosiyana ndi zinzake, chakuda mobiriwira, ndipo mpheteyo inamira m'mnofu moti inkaoneka msana wokha.

"Amake mwana," anatero Mmisiri.

"Mwaswera bwanji, amayi," anatero Namakiyi, kupereka moni kwa apongozi. Kenako anawerama pa chalacho. "Mukumva ndikamagwira apa?"

"Poyamba chimawawa. Pano changoti zii."

Nesi wonenepa, wa magalasi olendewera pachifuwa, anafika akukankha katebulo ka matayala.

"Ndinu amakanika athu? Ndimayembekezera chibambo cha ndevu. Ndiye pa awiri inu, mwini mphete ndi ndani?"

Nesi anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, n'kukweza nsidze.

"Chabwino. Sindinafunse. Soketi ili apo, lumikizani."

Namakiyi anayang'ana bedi loyandikana nalo. Panagona mkulu wina wokalamba, timapaipi tili m'mphuno, chithanki cha mpweya chikuti sii pambali pake. Pa katebulo ka nesi panali botolo la sipiriti ndi mulu wa thonje.

"Muno ayi, anesi. Kameneka kamalavula moto. Pafupi ndi okosijeni, tikhoza kudula zambiri kuposa mphete."

Nesi anasiya kuseka. "Mwanena zoona. Mutuwu wabalalika kuyambira m'mawa. Kuli kachipinda komangira zikhakha, tiyeni kumeneko."

Akukankha bedi m'khonde anakumana ndi adokotala, mayi wachitsikana wothamanga ndi mafayilo. Anagwira chalacho, anachifinya, anayang'ana wotchi.

"Mwachitapo zimenezi, mayi?"

"Kamodzi. M'mawa uno."

"Yesani. Ndikubwerera pakatha ola. Ndikapeza idakali pomwepo, tipita nawo ku opaleshoni, ndipo sindikulonjeza kuti chalacho chibwerako."

Kachipindako kanali koyera ndi fumbi la chikhakha, ndi sinki pakona ndi windo limodzi. Namakiyi anatulutsa panja sipiriti, thonje ndi mapepala. Anapempha beseni, matawulo awiri onyowa ndi jekeseni wamkulu wopanda singano. Chingwe cha magetsi anachikoloweka pa msomali wa kalendala kuti chisagone pansi pomwe padzadonthe madzi. Nesi anabaya Mmisiri mankhwala ochepetsa ululu, n'kutambasulira Namakiyi magolovesi.

"Valani."

"Ayi. Golovesi ikakodwa imakoka chala. Ndisamba ndi sopo."

"Inu ndiye muli ndi malamulo kuposa ametironi, akulu a manesi."

"Si anga. Ndi a awa agonawa."

Kenako anawerenga anthu. Nesi afunika manja onse awiri kuti agwire dzanja lothyokalo lisagwedezeke. Iye agwira Mavu ndi supuni. Pafunika wachitatu wodonthezera madzi pa mphete osaleka. Anayang'ana manja a apongozi. Ankanjenjemera moti zipi ya chikwama inkalira.

"Amayi, inu mukaime pakhomo panjapo. Asalowe munthu, ngakhale akhale mkulu wa chipatala. Munthu akandidzidzimutsa, chala chapita."

"Ndimafuna ndimugwire mutu mwana wanga."

"Mutu suthawa. Gwirani chitseko. Koma mundibwereke duku lanulo."

Apongozi anavula duku osafunsa, n'kutuluka. Namakiyi anatembenukira kwa mayi wa ku saluni. Aka kanali koyamba kumulankhula chibadwire.

"Mayi, mangani tsitsi lonse, lisatsale ngakhale limodzi."

"Asisi, ine sindingathe. Ndikaona magazi ndimagwa."

"Magazi sakhalapo ngati muthira madzi bwino. Mangani."

"Ndingoliponya kumbuyo."

"Mukawerama libwera kutsogolo. Likalowa umu silituluka, ndipo khungu la mutu limatsatira. Mudzaluka pa fupa."

Mayiyo anakulunga tsitsi mofulumira, mwaluso la ntchito yake, n'kulimanga ndi duku la apongozi. Anavulanso zibangili ndi mkanda osauzidwa. Koma ataona magalasi oteteza maso, okandikakandika ndi a lamba wotha mphamvu, anakwinya nkhope.

"Nsidzezi sizilowa m'menemo."

"Matulani."

"Ine ndingodonthezatu madzi, asisi. Sindidula nawo."

"Kadisiki kakasweka sikafunsa kuti wodula ndani."

Nesi anaseka, akuvala chophimba kumaso chake cha pulasitiki. "Matulani, mwana wanga. Bambowa aona kale nkhope yanu yeniyeni, si choncho bambo?"

Mayiyo anamatula nsidze, kumanja kenako kumanzere, anaziika pawindo ngati tizilombo tiwiri takufa, n'kuvala magalasi. Namakiyi anaphimba nkhope ya Mmisiri ndi tawulo limodzi lonyowa, linalo anayala pa mkono ndi pachifuwa.

Kulowetsa supuni pansi pa mphete kunatenga nthawi kuposa mmene ankaganizira. Nesi anakweza dzanja, anafinya chalacho kuchokera kunsonga kutsikira pansi, anapaka mafuta oterera. Namakiyi anakankha chitsulo chopyapyalacho pang'onopang'ono, mnofu ukukana, mpaka nsonga inatulukira mbali inayo. Pansi pa tawulo panamveka kubuula. Chala chimenechi anachigwirapo usiku ndi usana zaka zisanu. Tsopano chinali chozizira ngati chogwirira cha chitseko, ndipo iye ankangochiona ngati ntchito imene yabwera pa kauntala.

Anayang'ana kadisiki pa kuwala kwa windo kuti aone ngati kali ndi mng'alu, anakamanga ndi kasipanala, ndipo atatha zonsezo m'pamene analowetsa pulagi. Analoza Mavu kukhoma n'kumuyatsa kaye yekha. Phokoso linadzaza kachipinda. Miyendo ya Mmisiri inakungika.

"Madzi ayambe," anatero. "Pa mphete, osati pa makina."

Anatsamiritsa chigongono pa bedi n'kutsitsa kadisiki. Modzi, wiri, tatu. Anadzutsa. Madzi akuda anatsikira m'beseni. Modzi, wiri, tatu. Mbaliwali zinkagwera pa tawulo lonyowa n'kuzima. Sankakanikiza. Ankangolola kuti kadisiki kakhudze chitsulo, liwiro lizigwira ntchito lokha. Mayi wa ku saluni ankadontheza mosalekeza, dzanja lake losagwedezeka, ndipo jekeseni akatsala pang'ono kutha ankanena yekha kuti, "Imani, ndidzaze." Namakiyi anaona kuti mayiyo ali ndi manja abwino. Anachiona monga mmene anaonera chilembo chopendekeka chija.

Patapita nthawi liwu la kadisiki linasintha. Kanali katafika pa supuni. Anazimitsa, anadikira kuti kaime, n'kuika Mavu pa katebulo.

"Yatha?" anafunsa Mmisiri.

"Mbali imodzi."

"Tanula ndi pulayasi."

"Siitanuka."

"Wayesa?"

"Ndikudziwa. Munapanga ndinu. Anesi, tembenuzani dzanja."

Kutembenuza dzanja lothyoka kunali nkhani ina. Mmisiri anakuwa mpaka apongozi anagogoda chitseko n'kufunsa ngati amupha. Nesi anayankha kuti ayi, akadali m'kati momupha. Mbali ya chikhatho mnofu unatupa kwambiri, ndipo zala zoyandikana nazo zinkatsekereza. Nesi anazipatula ndi zala zake n'kuzikulunga m'tawulo. Supuni inalowanso movuta. Wotchi ya pakhoma inasonyeza kuti pa ola la adokotala lija padyeka kale zoposa theka.

Modzi, wiri, tatu. Modzi, wiri, tatu.

"Kanikiza, amake mwana," linatero liwu pansi pa tawulo. "Kanikiza ithe."

"Munanena nokha kuti Mavu sakanikizidwa."

"Ndinanena ndili ndi zala zonse."

Namakiyi anapitiriza monga poyamba. Mzere unali utafika pakati pa chitsulo. Mmisiri ankapuma mwamphamvu, tawulo likukwera ndi kutsika. Mwina anali mankhwala aja, mwina mantha.

"Kodi yako ija uli nayobe?"

Sanaganize kanthu. Akanafunsidwa pambuyo pake akananena kuti sanaganize kanthu. Koma dzanja linapotoka pang'ono chabe, kadisiki kali m'kati mwa mzere, ndipo kunamveka kuti thwa! Mayi wa ku saluni anakuwa n'kugwetsa jekeseni. Namakiyi anadzutsa Mavu m'mwamba, anazimitsa, anaima nji mpaka kandodo komwe panali kadisiki koswekako kanasiya kuzungulira. Kenako anapita kukhoma n'kuzula pulagi.

"Aliyense ayang'ane thupi lake," anatero nesi, liwu litatsika. "Pali wavulala?"

Panalibe. Chala chinali chonse, supuni ili pamalo pake. Mayi wa ku saluni anavula magalasi n'kuwayang'ana. Pa galasi lakumanzere, molunjika pakati pa diso, panali chibowo choyera chosaboola, ndi timing'alu tozungulira. Anawagwira ndi manja awiri, pakamwa pali yasa. Anayang'ana Namakiyi, anayang'ananso magalasiwo.

"Ndalakwa ndine," anatero Namakiyi. "Ndapotoza dzanja. Mukuthabe kuona ndi diso linalo?"

"Ndikuona."

"Valaninso. Katsala kamodzi."

Pomasula chidutswa chotsala, kasipanala kanaterereka n'kugwa pansi. Anakatola, anapukuta manja pa siketi, anayambiranso. Kadisiki komaliza anakayang'anitsitsa pawindo mbali zonse ziwiri. Anakamanga, osati mothinitsa kwambiri. Asanalowetse pulagi anaima kumutu kwa bedi.

"Bambo ake mwana."

"Ee."

"Mukalankhulanso, ndilongedza ndizipita. Mwana akuweruka 4 koloko."

"Mwamva, bambo?" anatero nesi. "Pakamwa ndi pomwe pakuvutitsani moyo wonse. Lumani tawulo."

Sanabwerere mu mzere wakale mwachangu. Anayatsa Mavu kukhoma, anamvetsera ngati kadisiki kakugwedera, kenako anakatsitsa molunjika bwino, chigongono chili pa bedi, mpweya ataugwira. Modzi, wiri, tatu. Madzi anadontha. M'chipindamo munalibe liwu lina koma la makina ndi la madzi ogwera m'beseni. Kadisiki kankachepa akuona. Anasiya kuyang'ana wotchi. Dzanja lake lamanja linayamba dzanzi chifukwa cha kunjenjemera kwa makina, moti anaima kawiri kuti atambasule zala, Mavu atazimitsidwa. Ulendo wachisanu ndi chinayi, kapena wakhumi, liwu linasinthanso.

Anazimitsa. Anadikira. Anazula pulagi. Ndi pulayasi anagwira chidutswa chapamwamba n'kuchikoka pang'ono, ndipo chinamatuka pa mnofu ngati chivindikiro. Chinzake chinagwera chokha m'beseni kuti ngwe.

Pomwe panali mphete panatsala ngalande yoyera yozungulira chala chonse. Nesi anakweza dzanjalo n'kumasisita chalacho pang'onopang'ono. Mmisiri anachotsa tawulo kumaso ndi dzanja labwino. Onse anayi anayang'ana chala chimodzi. Kwa kanthawi sichinasinthe. Kenako m'mphepete mwa ngalande munayamba kufiira, kufiirako kunakwera mpaka pa mfundo, ndipo Mmisiri anatsegula pakamwa n'kulira ngati mwana.

"Chikuwotcha! Mayo ine, chikuwotcha!"

"Lirani ndithu," anatero nesi. "Magazi akubwerera kwawo. Chikanakhala chete m'pamene tikanadandaula."

Apongozi analowa osagogoda, mutu uli pamtunda, ndipo kumbuyo kwawo kunali adokotala. Adokotala anafinya chikhadabo cha chalacho, chinayera, anasiya, chinafiiranso. Anabwereza kawiri.

"Chikhala," anatero. "Tichiyang'anira mpaka mawa, koma chikhala. Palibenso pomwe chapsa. Mayi, mutisiyire nambala yanu, zoterezi zimabwera kawirikawiri."

Namakiyi anatchula nambala, nesi analemba pa dzanja. Kenako anayamba kulongedza. Anapukuta Mavu ndi nsalu youma, anakulunga chingwe, anatola tizidutswa ta kadisiki kosweka kuti wina asatiponde. Mayi wa ku saluni anamubweretsera magalasi aja atawagwira ngati dzira.

"Asisi, ine sindikudziwa kuti ndinene chiyani."

"Atayeni. Akang'aluka sagwiranso ntchito."

"Ndiwasunga."

"Zili ndi inu. Mumathira madzi bwino. Nsidze zanu zili pawindo."

Apongozi anali atapisa dzanja m'beseni n'kutulutsa zidutswa ziwiri za mphete. Anazipukuta ndi mpango, anayang'ana mayi wa ku saluni ndi diso la pambali, n'kuzipanikiza m'dzanja la Namakiyi.

"Tenga iwe. Ukaziike pamodzi ndi yako. Zinthu zimasintha, mwana wanga."

M'kati mwa chidutswa chimodzi munali theka la chilembo cha dzina lake. Mzere wachiwiri unadutsa pakati penipeni. Sanachite dala. Pamenepo m'pomwe supuni inalowa.

"Sunandiyankhe," anatero Mmisiri, misozi ikadali m'masaya. "Yako ija."

"Ndadula m'mawa."

"Wadula?"

"Ndimayesera. Munati chida sayesera pa ntchito ya kasitomala."

Mmisiri anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma. Nesi anatsokomola n'kuyamba kusakaniza chikhakha. Namakiyi anaika zidutswazo m'thumba la siketi, anatsanzika apongozi, n'kutuluka.

Anafika ku shopu itangopitirira 3 koloko. Bambo wa tayi uja anali ataima pakhomo, akuyang'ana wotchi moonetsera. Namakiyi anakweza chitseko, anaponya zidutswa zija m'chitini cha zitsulo zotaya, momwe zinzake zinali kale, anavala magalasi n'kudula kiyi wachitatu. Bamboyo anamuyesa pa loko amene anabwera naye, ndipo anatsegula. Pa khoma, pomwe ankalemba zofunika kugula, Namakiyi analemba ndi pensulo kuti madisiki, magalasi, supuni.

Ku sukulu ya mkaka mwana anatuluka akuthamanga, nsapato atavala mosemphanitsa. Namakiyi anagwada, anamusintha nsapatozo, n'kumugwira dzanja kuti awoloke msewu. Ali pakati pa msewu mwanayo anayang'ana m'mwamba.

"Amayi, dzanja lanu likunjenjemera."

"Ndi Mavu. Ndamugwira nthawi yaitali lero."

"Lisiya?"

"Lisiya. Yang'ana kutsogolo, kukubwera njinga."